Mlongo wa Mwanaima Sanabwerere ku Kismayu

Ine ndi Mwanaima tinadziwana pokangana. Munali mu 2009, ine ndi amuna anga a Mathias titangosamuka ku Chelstone kubwera ku Kabwata, m'nyumba ziwiri zogundana khoma, mpopi umodzi kuseri. M'mawa wa tsiku lachiwiri ndinapeza mayi wamtali, wofunda nsalu yakuda kuyambira kumutu, akupala nsomba pampopi pomwe ine ndimati ndichapire zovala za ana. Mamba anali mbwee pansi ponse. Moni sindinamupatse. Ndinangoti, “Imwe, kwanu ku Somalia ni mwamene muchitila so?”

Anaweramuka pang'onopang'ono, mpeni uli m'manja, nandiyang'ana kuyambira kumapazi.

“Kwathu nsomba titsukila mu nyanja,” anatero, m'Chinyanja chake chotolera ku Kamwala. “Nionetseni nyanja muno mu Lusaka, nizayenda kwamene uko.”

Tinatha zaka ziwiri osalonjerana. Ndipo sindinali ndekha. Mumsewu mwathu monse ankangomutcha “Musomali uja.” Pa wailesi pakamveka kuti kwinakwake kwaphulika bomba, amuna okhala pakhonde la bala ankamufuulira moni wachipongwe akamadutsa, “Ba bomba, shani!” Ine ndinkaseka nawo, sindibisa. Iye sankacheuka. Ankalawirira kukazinga vitumbuwa ndi masamusa, n'kusenza beseni kupita ku Kamwala, komwe anali ndi katebulo pakhonde la sitolo ya nsalu.

Amuna ake, a Idris, anali munthu wochezeka. Ankayendetsa chithanki cha mafuta pakati pa Dar es Salaam ndi Lusaka, ndipo akabwera ankaima pampanda ndi a Mathias kukamba za mpira ndi za maenje a mumsewu wa ku Nakonde. Anali ndi mwana mmodzi, Yasmin. Mu 2011 chithanki chija chinagubuduka kufupi ndi Mpika, a Idris n'kufera pomwepo.

Maliro salola chidani, choncho ndinafunda chitenje n'kulowa m'nyumba yomwe ndinali ndisanapondemo. Pabalaza panadzaza amayi achisomali, onse atazungulira mayi wina wonenepa, wa zibangili zagolide, yemwe ankalira mokweza. Ndinagwada kumupepesa poganiza kuti ndi mbale wa namfedwa. Anali Warda, mlongo wa malemu, wokhala ku Woodlands. Mkazi wa malemuyo ndinakamupeza kukhitchini yekhayekha, akuthira tiyi m'makapu makumi awiri.

Ndinabwerera pabalaza. “Nanga amake Yasmin simuwakhazika pamphasa bwanji? Si ndiye ofedwa?”

Warda anapukuta m'maso nandiyang'ana ngati ndamuponda chala.

“Uja si wathu,” anatero. “Ni Mubajuni. Banthu ba nsomba. Mulongo wanga anamutola chabe mu kampu ku Mombasa.”

Ndinapita kukhitchini kukatsuka makapu. Tsiku limenelo ndi lomwe ndinadziwa kuti munthu yemwe ife tinkamunyoza chifukwa chokhala Msomali, Asomali ena ankamukana kuti si Msomali.

Mbiri yake anandiuza pang'onopang'ono, m'miyezi yotsatira, titakhala pasitepe kuseri tikusenda anyezi wa masamusa. Anabadwira pachilumba cha Chula, kum'mwera kwa Somalia, pakati pa tizilumba tondandalika m'mbali mwa nyanja yamchere mpaka kukafika ku Kenya. Anthu ake, Abajuni, ndi asodzi ndi oyendetsa mabwato a matanga. Chilankhulo chawo ndi mtundu wa Chiswahili. Chisomali iye anachiphunzira kusukulu, bambo ake atasamutsira banja ku tauni ya Kismayu, ndipo lilime lake silinachizolowere kwenikweni. Akatsegula pakamwa, Msomali aliyense ankadziwa kuti uyu ndi wa kuzilumba.

“Koma tauni ija dzina tinaipatsa ise,” ankatero, akuloza ndi mpeni. “Kismayu. Kisima. Imwe mukuti chani pamene mutapa madzi?”

“Chitsime.”

“Mwaona? Na mu Mogadishu mwamene muli malo akale akuti Shangani. Atate benze kukamba ati ni mau athu, pa mchanga. Imwe mukuti mchenga.”

Tinkasewera masewera amenewa nthawi zambiri. Moto, nyumba, mkono, zonse zinkagwirizana ndi zathu. Tinaseka kwambiri tsiku lomwe anandiuza kuti kwawo madzi amati mai. Ankati kuyambira kalekale Asomali ankatsika kumtunda ndi ngamila, atanyamula mkaka, zikopa ndi mafuta a ng'ombe, Abajuni n'kuwapatsa nsalu, mapira ndi katundu wobwera pabwato. Ankapemphera mumzikiti umodzi. Ankakwatirana. Mawu a uku ankalowa m'kamwa mwa a uko. “Tinadyela mbale imodzi zaka zambili maningi,” ankatero, “koma tsiku la nkhondo aliyense anakumbuka dzina la agogo ake.”

Ngakhale ku Kamwala analibe mpumulo. Amalonda a ku Tanzania akamva Chiswahili chake ankagwa ndi phwete, kumati akulankhula ngati nkhalamba ya m'manda, ndipo pamapeto pake ankamutchabe Msomali. Choncho Mwanaima anasanduka munthu waukali. Kasitomala akagwira samusa n'kuibweza, ankamva mawu oti akagone nawo. Anthu ankagulabe chifukwa masamusa ake analibe ofanana nawo.

Za mlongo wake wamng'ono Seif anandiuza kamodzi kokha, ndipo sanandiyang'ane pofotokoza.

Ku Kismayu, nyumba yoyandikana ndi yawo inali ya Msomali wogulitsa zikopa, yemwe anakwatira mkazi wachibajuni wa ku chilumba cha Koyama, dzina lake Bi Somoe. Mwana wawo Hamad anali msinkhu umodzi ndi Seif. Anakulira limodzi, ankadya m'nyumba zonse ziwiri, ndipo Hamad ankalankhula Chibajuni cha amayi ake ngati wobadwira pachilumba. Tsiku lina akuwedza, mbedza ya Seif inamukola Hamad khutu n'kuling'amba kunsi, amake Mwanaima ndi omwe anamusoka.

Boma litagwa mu 1991, tauniyo inayamba kusinthana manja pakati pa magulu a mfuti. Abajuni analibe mfuti, analibenso fuko lalikulu lowaikira kumbuyo. Chomwe anali nacho ndi mabwato, ndipo aliyense wofuna kuthawira ku Kenya ankafuna bwato. Masana ena, Mwanaima ali pagombe ndi bambo ake ndi Seif akukonza matanga kuti banja lonse lithawe mawa lake, panafika amuna asanu ndi mmodzi a mfuti. Patsogolo pawo panali Hamad. Analoza bwato la bambo a Mwanaima, nauza anzake kuti limenelo ndi lomwe lili ndi injini yabwino. Kenako analoza Seif kuti uyu ndiye akudziwa njira pakati pa miyala ya m'madzi.

Seif anachita ngati sakumva Chisomali. Pamenepo Hamad anamuyandikira namulankhula m'Chibajuni: “Kwera, m'bale wanga, usandichititse manyazi. Masiku atatu ubwera.”

Anapakiza anthu a fuko la bambo ake a Hamad mpaka bwato linatsala pang'ono kumwa madzi. Seif anakwera. Sanabwerere, ndipo bwato silinaonekenso. Bambo ake anadikira pagombe miyezi inayi, kenako anadwala n'kumwalira. Mwanaima ndi amake anakafika ku Mombasa pabwato la anthu ena. Kukampu ya othawa nkhondo anafunsa aliyense wochokera kumpoto, koma palibe ankadziwa. Amake anamwalira komweko. Patapita zaka, Idris, yemwe ankabwera kudzaona abale ake kukampuko, anamukwatira abale ake akukana, nabwera naye ku Lusaka.

“Sinidziwa ngati nimupemphelele monga wakufa kapena monga wamoyo,” anatero Mwanaima, napitiriza kusenda anyezi.

Yasmin anakula ndikumuona. Anali mwana wanzeru, wokongola, wamtima wapachala ngati amake. Bambo ake atamwalira, Warda anayamba kutumiza galimoto Lachisanu lililonse kudzamutenga kuti akakhale ku Woodlands mpaka Lamulungu. Ankati mwana wa mlongo wake ayenera kudziwa anthu ake. Kumeneko Yasmin anaphunzira Chisomali chosalala ndiponso kutchula mayina a makolo a bambo ake, mmodzimmodzi kubwerera m'mbuyo mpaka mibadwo makumi awiri. Ali ndi zaka khumi ndi zinayi analeka kuyankha amake akamulankhula m'Chibajuni. Tsiku lina ndinamumva kudzera pakhoma akuti, “Amayi, kambani Chinyanja olo Chizungu. Icho chinthu chanu chinimvetsa nsoni.” Mwanaima anamumenya mbama yomwe inamveka mpaka kwathu. Kuyambira pomwepo ankalankhulana Chinyanja chokha.

Mu 2023 Yasmin anali atamaliza maphunziro, akugwira ntchito m'sitolo ya mankhwala m'tauni. Anapeza mwamuna, Guled, mnyamata waulemu ndithu, yemwe bambo ake anali atangosamuka ku Nairobi kudzakhala ku Kabulonga, ali ndi malole ambiri. Zonse anakonza ndi Warda. Akuchimuna anayenera kubwera Loweruka, lomwe kuno timati Chibelu, kudzapempha mbeta kunyumba ya ku Woodlands, poti kumeneko ndiye kunali kwa atate a mwana.

Kutatsala masiku atatu, Warda anabwera ku Kabwata. Sanatsike m'galimoto. Anangotsitsa galasi n'kuliza hutala mpaka Mwanaima anatuluka. Ine ndinali pampanda ndikuthirira repu.

“Mulamu, pa Chibelu ubwele, koma pakamwa utseke,” anatero Warda. Ankalankhula Chinyanja dala, kuti asamupatse ulemu womulankhula m'Chisomali. “Aba ni banthu bakulu. Bakakupatsa moni, uyankhe moni chabe. Ngati bamvela kakambidwe kako, bazafunsa mafunso, mwana azaluza mwamuna.”

“Mwana ninabala ine,” anatero Mwanaima.

“Unabala, inde. Koma magazi ni a Idris. Iwe unali chabe thumba.”

Mwanaima anatseka geti. Galimoto itapita ananditembenukira.

“Ba Helen, nilibe m'bale muno mu Zambia. Muzaniperekeza.”

Loweruka tinakwera minibasi, tinafika cha m'ma leveni. Nyumba ya Warda inali ndi mpanda wautali wa waya wamagetsi pamwamba. Anatilowetsera khomo la kukhitchini. Mwanaima anavala diresi lake labwino lobiriwira, koma palibe anamuuza kuti akhale pansi. Amayi anali m'chipinda china, abambo pabalaza lalikulu. Yasmin anatulukira kamodzi, atapakidwa maluwa a utoto wa hina m'manja, nagwira amake paphewa n'kunong'ona, “Amayi, chonde.” Mwanaima anangogwedeza mutu.

Nkhani za abambo zitatha bwino, tinamva kuseka ndi mapemphero. Warda analowa kukhitchini nati tiyi apite, ndipo mayi wa mwana akhoza kukapereka moni mwachidule. Mwanaima ananyamula thireyi ya makapu, ine ya zokazinga.

Pabalaza panali amuna ngati khumi ndi awiri. Pampando wapakati panakhala bambo wa ndevu zofiiritsidwa ndi hina, wovala mkanjo woyera ndi kofia, ndodo yosema ili pakati pa miyendo. Ameneyo ndiye anali bambo a Guled. Mwanaima anawerama kuti awapatse kapu. Bamboyo anatembenuza mutu kuyankha mnzake, ndipo ine ndinaona khutu lake lakumanzere, logawanika kunsi, lili ndi chipsera chakale.

Mwanaima anaika thireyi patebulo bwinobwino, osataya ngakhale dontho. Anaongoka. Kenako analankhula mokweza m'chilankhulo chomwe ndinali ndisanamumve akulankhula pagulu. Mawu awiri okha ndi omwe ndinawagwira: Hamad, ndi Seif. Zina zonse anandimasulira pambuyo pake, ndipo ndikuzilemba monga anandiuzira.

“Hamad, Seif ali kuti?”

Bamboyo anamuyang'ana, nkhope osasintha, natembenukira kwa amuna a Warda n'kufunsa m'Chisomali kuti mayiyu akuti chiyani, ndipo ndi chilankhulo chanji chimenechi.

Warda anali atafika kale pakhomo. Anamugwira Mwanaima pamkono kuti amukoke, akupepesa alendo kuti mlamu wakeyu mutu sumuyenda bwino chimwalirireni amuna ake. Mwanaima anamukankha, zibangili n'kulira.

“Sukundimva?” anapitiriza m'Chibajuni. “Mwana wa Bi Somoe wa ku Koyama sakumva chilankhulo chomwe anayamwa? Khutu ilo anakusoka ndi amayi anga, iwe ukulira, ukuitana amako m'chilankhulo chomwechi. Unati masiku atatu. Ndawerenga zaka makumi atatu ndi ziwiri. Mlongo wanga ali kuti?”

Ndodo ija inagwa pansi. Bamboyo anaimirira, ndipo mawu anamupulumuka asanawagwire.

“Khala chete, mwana wa msodzi! Dzina la amayi anga usalitchule pano!”

Anazinena m'Chibajuni. Ine sindinamve tanthauzo, koma ndinamva kuti ndi chilankhulo chomwe chija, ndipo aliyense m'chipindamo anamvanso chimodzimodzi. Amuna aja anayang'anana. Guled anayang'ana bambo ake kukamwa kuli yasa. Zinadziwika pambuyo pake kuti Hamad anauza ana ake ndi anzake onse a malonda kuti amayi ake anali Msomali wa fuko lodziwika, ndipo kuti Chiswahili chochepa chomwe ankadziwa anachitola ku Nairobi.

Alendo anatuluka osamwa tiyi. Warda anatukwana m'zilankhulo zitatu, natiuza kuti tichoke pakhomo pake tisanaitaniridwe alonda. Tili pageti, Yasmin anatithamangira wopanda nsapato, misozi itasakaniza zopakapaka kumaso.

“Amayi, mwanionongela! Tsiku limodzi chabe ninakupemphani! Limodzi!”

“Uja munthu anatenga amalume ako.”

“Amalume amene sininawaonepo! Ine nili pano, nili moyo, simuniona? Imwe mukonda anthu akufa kupambana ine!”

Tinayenda wapansi mpaka pa siteji. Mu minibasi Mwanaima anakhala chowongoka, akuyang'ana kutsogolo, kondakitala atamufunsa kotsikira ndinayankha ndine.

Yasmin sanabwere kunyumba. Anatumiza dalaivala wa Warda kudzatenga zovala zake.

Lachitatu masana, galimoto yayikulu yakuda inaima pageti pathu. Anatsika Hamad yekha. Mwanaima anandiitana pampanda kuti ndidzakhale nawo, poti mkazi wamasiye salandira mwamuna ali yekha. Sanamulowetse m'nyumba. Anamuikira mpando wapulasitiki pabwalo, padzuwa, iye n'kuima pakhomo. Madzi akumwa sanamupatse. Analankhula pafupifupi ola lathunthu m'chilankhulo chawo, ine ndili pasitepe ndikuyang'ana nkhope zawo.

Hamad sanabwere kudzapepesa. Anabwera ndi malonda. Anati amuuza zomwe zinachitikira Seif, koma Mwanaima apite pamaso pa amuna omwe analipo Loweruka akanene kuti anasokoneza anthu, kuti mayi yemwe ankamutchula uja anali mlezi chabe, osati mayi womubala Hamad. Anzake anali atayamba kale kumuseka, ena kumutcha dzina lonyoza lomwe amatchulira anthu a kuzilumba.

“Yamba wanena,” anatero Mwanaima.

Ananena. M'bwato la anthu makumi awiri munakwera anthu oposa makumi asanu ndi limodzi. Tsiku lachiwiri injini inafa. Seif anakweza tanga nawadutsitsa pakati pa miyala, madzi akumwa atatha, ana akukomoka, mpaka anakakocheza pagombe lina kufupi ndi Kiunga, mbali ya Kenya. Palibe ndi mmodzi yemwe anamira. Anthu atatsika, Seif anayamba kukankhira bwato m'madzi kuti abwerere kukatenga bambo ake, amake ndi mlongo wake. Msuweni wa Hamad, yemwe anali mkulu wa gululo, anati bwatolo tsopano ndi lawo, likatenganso anthu awo ena. Seif sanamvere, anapitiriza kukankha. Msuweniyo anamuwombera kumsana.

“Sindine ndinawombera,” anatero Hamad. “Mulungu ndi mboni. Ndinamusambitsa ndekha, ndinamupempherera, ndinamuika pansi pa mlambe waukulu kumtunda kwa gombe. Ndi manja awa.”

“Ndi manja omwewo unamuloza,” anatero Mwanaima.

“Inali nkhondo! Ukanakhala iwe ukanatani? A kwa bambo anga ankandiyang'ana ngati theka la munthu. Ndikanapanda kuwapezera bwato, ukuganiza kuti amayi anga akanawasiya amoyo?”

“Ndipo amako unawakweza m'bwatomo?”

Hamad anayang'ana pansi. Bi Somoe anatsala ku Kismayu. M'bwato munalibe malo a Mbajuni wina kupatula woyendetsa.

Patapita kanthawi anadzutsa mutu nati iye wanena mbali yake, tsopano Mwanaima akwaniritse yake.

“Sindinalonjeze kanthu,” anatero Mwanaima. “Ndinati yamba wanena. Amako anakubala pa mkeka m'nyumba yoyandikana ndi yathu, amayi anga ndi omwe anadula mchombo. Ukufuna ndikaime pamaso pa amuna ndikanene kuti anali wantchito? Pita ukawakane wekha. Unazolowera.”

Hamad anaimirira, nkhope itachita bii. Anasiya Chibajuni nalankhula m'Chizungu, kuti nanenso ndimve. Anati mapepala a Mwanaima okhalira m'dziko muno iye akhoza kuwafunsitsa kwa anthu oyenera, ndipo mdzukulu aliyense yemwe adzabadwe sadzaponda pabwalo lonunkha mafuta a vitumbuwa ngati ili. Pamenepo ndinaimirira ine. Ndinamuuza kuti pano ndi pa Kabwata, osati pagombe la kwawo, ndipo akapanda kutuluka ndikuwa kuti wakuba, aone ngati galimoto yakeyo ituluke ndi magalasi. Anatuluka. Mwanaima ananyamula mpando womwe anakhalira nakautsuka pampopi ndi sopo.

Ine ndinkaganiza kuti ukwati watha. Sunathe. Guled anaumirira kuti akufuna Yasmin, ndipo Warda ndi Hamad anaona kuti kuthetsa ukwati kukanangokulitsa mphekesera. Anagwirizana zouza anthu kuti mayi wa mkwatibwi ndi wodwala mutu. Ukwati unachitika mu Ogasiti pa malo ena a madyerero ku Lilayi. Pampando wa mayi wa mkwatibwi panakhala Warda. Khadi loitanira silinafike ku Kabwata, ndipo Mwanaima tsiku limenelo anapita ku Kamwala monga mwa masiku onse. Madzulo ndinamuonetsa zithunzi zomwe mwana wanga anaziona pa foni. Anayang'ana chimodzi nthawi yaitali, nati diresi lamukhala bwino, n'kundibwezera foni.

Anayesa kupeza njira yopitira ku Kiunga kuti akaone mlambe uja. Tinayenda limodzi m'maofesi atatu. Analibe pasipoti ya dziko lililonse, ndipo kulikonse ankatiuza kuti tibwerenso mwezi wamawa. Titabwerera kachinayi, mayi wa pawindo anamufunsa kuti manda akufuna kukaonawo ali ndi chikalata chanji chotsimikiza kuti alipo. Mwanaima anatola mapepala ake n'kutuluka, ndipo sanapitekonso.

M'malo mwake anaganiza zochita sadaka, mwambo wopempherera womwalira, poti tsopano anadziwa kuti Seif amupempherere monga wakufa. Anatumiza uthenga kwa amayi achisomali omwe ankawadziwa. Palibe anayankha. Omwe anabwera ndi amayi achiyao a kumzikiti wa ku Kamwala, ana a amisiri ndi atelala omwe makolo awo anachokera ku Malawi kalekale, amayi omwe kwa zaka zambiri ankagula masamusa ake akudandaula za pakamwa pake. Anabwera asanu ndi atatu ndi shehe wawo wokalamba, yemwe anaphunzira chipembedzo m'Chiswahili ali mnyamata. Shehe atamufunsa dzina la malemu ndi la bambo ake, Mwanaima anayankha m'Chibajuni. Mkuluyo anatchera khutu, namupempha kuti abwereze pang'onopang'ono, kenako anagwedeza mutu kuti wamva. Ine, wa mpingo wa Reformed, ndinaphika mpunga wa nazi monga anandiphunzitsira, ndipo a Mathias anabwereka mipando kutchalitchi osanena kuti ndi ya chiyani.

Mapemphero ali mkati, pageti panaima takisi. Anatsika Yasmin, ali ndi pakati poonekera. Sanapereke moni kwa aliyense. Anavula nsapato nakhala kumapeto kwa mkeka, pafupi ndi khomo, maso ali pansi. Amake anamuona koma sanasunthe.

Atatha mapemphero ndinamupatsa mbale ya mpunga. Anakana, nati takisi ikumudikira, ndipo kunyumba sakudziwa kuti ali kuno. Anaimirira movutikira, nayang'ana amake.

“Guled anafunsa atate ake dzina la agogo,” anatero. “Sakambitsana manje. Mwezi wachiwili uno.”

“Si mulandu wanga,” anatero Mwanaima.

“Sininakambe kuti ni mulandu wanu. Nakuuzani chabe.”

Anavala nsapato. Mwanaima analowa kukhitchini, natuluka ndi mpunga m'kabakuli atakamanga pansalu, nakauika pampando wakumbuyo wa takisi. Yasmin sanaubweze. Takisi inapita.

Mwana anabadwa mu Meyi, wamkazi. Tinamva kwa mayi wina wogulitsa nsalu ku Kamwala. Mpaka lero Mwanaima sanamuone, ndipo akakumana ndi Warda pakati pa masitolo, aliyense amayang'ana kumbali. Miyendo yayamba kumuvuta, moti beseni la masamusa masiku ano timanyamulizana mpaka pa siteji. Dzulo lomweli anakalipira kondakitala yemwe anamutcha “ba Somalia,” mpaka minibasi yonse inakhala chete kukafika m'tauni.